Chikwanje Chimene Iness Anasiya Pachitsa

Chikwanje chinatera pamkono wa Spencer, m'munsi mwa chigongono, n'kukaima pafupa.

Iness anatema asanaone. Anali atawerama m'dimba lake m'mbali mwa mtsinje wa Domasi, akudula chimanga chachiwisi, pamene bango linathyoka kumbuyo kwake. Thupi linatembenuka lokha, dzanja linapita lokha. Maso anabwera pambuyo, n'kupeza mchimwene wake wabere limodzi atagwada m'matope, papaya limene anamutengera likugubuduzikira m'ngalande.

"Chemwali," anatero Spencer, akuyang'ana mkonowo ngati ndi wa munthu wina, "ukanangonena kuti papaya sukulifuna."

Kenako magazi anatumphuka. Anawaza masamba a chimanga, anawaza bulauzi ya Iness, ndipo Spencer anagwa chammbali milomo itayera. Iness anangoima chilili, akulira.

Mwayi wake a Jacinta, mayi woweta njuchi wa kutsidya, ankawoloka pamlatho wamitengo ndowa ili pamutu. Sanafunse kuti chachitika n'chiyani. Anatula ndowa, anang'amba chitenje chawo ndi mano, anamanga pamwamba pa chigongono n'kupotokola mfundoyo ndi kamtengo mpaka magazi anayamba kungodontha.

"Iwe, misozi simanga bala. Thamangira kumsewu ukaitane njinga yamoto."

Iness anathamanga. Anatulukira pamsewu wa ku Liwonde chikwanje chidakali m'manja, chifuwa chonse chili psuu, akabaza n'kumwazika ngati nkhuku zaona mphamba. Anabwerera mmodzi yekha, amene ankapemphera naye tchalitchi chimodzi. Spencer anafika kuchipatala ku Malosa ali moyo. Anamusoka, anamuika magazi, koma mitsempha inali itaduka. Zala ziwiri za dzanja lamanja sizinapindikenso, ndipo Spencer anali kalipentala.

Tsono musati Iness anali wamisala. Zaka zinayi m'mbuyomo mwamuna wake Mateyo, mkamwini wochokera ku Naisi, anamutema pakhomo pawo dzuwa lili paliwombo, pankhani ya nkhuku imene Iness anaphera amayi a Mvano osamufunsa. Anayamba ndi zibakera, monga mwa masiku onse. Atatopa anatenga chikwanje. Iness anatchinga ndi dzanja lamanzere, chala chaching'ono ndi chinzake n'kugwera mu lichero. Kutema kwachiwiri kunatsika kuchokera kukhutu mpaka paphewa. Anthu anamugwira Mateyo, anamumanga ndi chingwe cha mbuzi, ndipo khoti linamupatsa zaka zisanu ndi ziwiri. Akumukweza m'galimoto ya apolisi anatembenuka, anamufunafuna Iness ndi maso m'gulu la anthu, n'kunena mosakweza mawu: "Ndende ili ndi khomo, Iness. Ndidzabwera kudzamaliza."

Kuyambira tsiku limenelo Iness anasamuka. Thupi linatsala m'mudzi, likutunga madzi, likulima, koma mwiniwake anakakhala kutsogolo, patsiku limene Mateyo adzabwere. Tsikulo analidziwa ngati chikhatho chake: chitseko chidzalira motere, iye adzakhala ataima apa, chikwanje chidzatera apa. Anafa imfa imeneyo kambirimbiri asanaife. Anagula chikwanje chakechake, anakulunga mphira kuchigwiriro kuti chisamaterereke, ankachinola m'mawa uliwonse. Ankapita nacho kuchigayo, kumaliro, ngakhale kutchalitchi, atachifunditsa chitenje pansi pa buku la nyimbo, ndipo ankakhala benchi yakumbuyo kuti aziona khomo. Spencer atamubweretsera mphukira za nthochi kuti adzale kuseri kwa nyumba, anazisiya ziume padzuwa. "Adzadya ndani?" Mango ankapsa n'kutha iye osadziwa ngati chaka chimenecho anali otsekemera. Mphekesera itafika yoti akaidi ena adzakhululukidwa pa 6 Julaye chaka chamawa, tulo tinatheratu, khutu linakula, mpaka bango louma linamuuza kuti Mateyo wafika.

Spencer atatuluka m'chipatala, Iness anagwira nkhuku n'kupita kukamuona kumudzi kwa mkazi wake Irene, kumene ankakhala. Irene anamuchingamira pabwalo manja ali m'chiuno.

"Mwabwera kudzamaliza, alamu?"

"Ndabwera kudzapepesa."

"Pepani amagwira sowo? Pepani amapala thabwa? Ana angawa adya pepani?"

Irene anasolola chitenje chimene Iness anapanira m'khwapa n'kuchikutumula. Chikwanje chinagwa pamiyala n'kulira.

"Taonani anthuni. Kudzapepesatu kumeneku."

Mbama yoyamba inatera pachipsera penipeni. Yachiwiri inagwetsa duku. Irene anamugwira tsitsi, anamukokera pansi, anamukhala pamsana n'kuyamba kumusinja ndi zibakera pakhosi, nkhuku ikukupiza mapiko m'fumbi miyendo ili yomanga. Iness sanabwezere. Ankamva ngati akulandira chimene anabwerera. Anthu oyandikana nawo anatuluka kudzaonerera, ndipo palibe anafulumira kuleretsa, chifukwa onse anali ataona mkono wa Spencer.

Analeretsa ndi Spencer yemweyo, atatuluka m'nyumba mkono uli pansalu yokoleka m'khosi.

"Irene, tamusiya. Ndi mlongo wanga ameneyo." Anadikira kuti Iness adzuke, alavule dothi. "Chemwali, Mateyo ali kundende, koma kuno akutema anthu ndi dzanja lako. Pita kwanu. Nkhukuyo isiye, ilibe mlandu."

M'mawa mwake a Jacinta anafika pakhomo pa Iness osaodira n'komwe. Anali mayi wamfupi, wa mikono ngati ya mwamuna, makolo ake anachokera ku Mozambiki kalekale, ndipo sankadziwa kuzungulira nkhani.

"Mwana wanga wakwatiwa ku Limbe. Ming'oma khumi ndi iwiri sindingaithe ndekha. Iwe uli ndi zala zisanu ndi zitatu, zikwanira. Tiye."

"Amayi, ine njuchi ndimaziopa."

"Sindinafunse zimenezo. Iwe chimene suopa n'chiyani?"

Anakwera kanjira kopita m'tsinde mwa phiri la Malosa, a Jacinta patsogolo, Iness pambuyo, akucheukacheuka. Atafika pachitsa cha muwanga pamene minda imathera, a Jacinta anaima.

"Icho chisiye apa."

"Sindingathe, amayi."

"Dzanja limodzi ligwira chofukizira utsi, lina ligwira chisa. Lachitatu uli nalo?"

Iness anayang'ana kunjira, anayang'ana kuthengo. Kenako anazika chikwanje pachitsapo.

Ming'omayo inali ya matabwa, yopachikidwa ndi waya pakati pa mitengo ya masuku kuopa nyerere ndi chiuli. Pamwamba pa uliwonse panali timatabwa tondanda, kalikonse kali ndi chisa chake cholendewera m'kati. A Jacinta anamuveka ovololo yosokedwa ndi matumba a ufa, ndi chipewa cha mlaza chimene anasokerera neti ya udzudzu. Anamupatsa chitini chokhala ndi kamvukuto, m'kati mukunyeka zitsononkho.

"Malamulo ndi atatu, sindibwereza. Osaima pakhomo pawo, pamene zimalowera ndi kutulukira. Osathamanga. Osapha ngakhale imodzi. Ukaiphwanya imatulutsa fungo loitana zinzake, ndiye zimabwera zonse, ndipo sizifunsa kuti wayamba ndani."

Iness anavomera ndi mutu. Anapopa utsi, anatukula kathabwa koyamba. Chisa chinatuluka cholemera, chakuda bii ndi njuchi. Nthawi yomweyo nthambi inathyoka kumtunda. Anali pusi chabe. Koma Iness anali atapita kale: chisa chinagwa n'kuphwanyika, dzanja linamenya njuchi imene inatera pamkono, miyendo inaliyatsa liwiro kulowera kuchitsa kuja. Neti inakodwa paminga n'kung'ambika. Zinamupeza asanafike. Zinalowa m'chipewa, zinamuluma zikope, milomo, m'makutu, ndi pachipsera chonse kuyambira kukhutu mpaka paphewa. Anagwa n'kumagubuduzika akudzimenya kumaso, ndipo pamene ankadzimenyapo m'pamene zinkawonjezeka.

A Jacinta anabwera poyenda, osati pothamanga. Anamufukiza utsi, anamukokera m'tchire lowirira, anamukhazika pansi n'kuyamba kupala mbola ndi msana wa mpeni, imodzi imodzi.

"Osazula ndi zala, umafinyiramo ululu. Umapala chonchi." Anapala zina zingapo. "Unali kuti?"

"Ndinali pompano, amayi."

"Bodza. Pano panali ovololo yanga yokha. Iwe unali pa 6 Julaye."

Iness anayamba kulira, koma maso anali atatsekeka kale ndi kutupa, misozi inkachita kufinyika.

"Lira msanga, tili ndi ming'oma ina. Mwamuna wako akadzabwera adzabwera. Njuchizi zilipo lero. Wathawa munthu amene kulibe, walumidwa ndi zimene zilipo. Mchimwene wakonso analipo."

Masiku awiri Iness anagona osaona, nkhope ili ngati dzungu. Tsiku lachitatu a Jacinta anabweranso atasoka neti ija.

"Lero uzinena mokweza chimene dzanja lako likuchita. Osati chimene lichite, osati chimene linachita. Chimene likuchita."

"Ngati mwana wa sitandade wani?"

"Ee. Iwe wabwerera wani."

Ndiye anayamba, manyazi ali tho. "Ndikupopa utsi. Ndikudikira. Ndikutukula thabwa. Njuchi yatera pachala. Ikuyenda. Sinandilume." Maganizo akangothawira kuchitseko chija, mawu ankaduka, ndipo a Jacinta ankamugogoda pachipewa ndi kamtengo. "Bwerera." Ankabwerera. Pena ankabwerera kakhumi pamng'oma umodzi.

Mvula inagwa, inatha. Iness anayamba kuona zinthu zimene zinalipo nthawi yonseyi. Anaona kuti njuchi zina zimabwera ndi mungu wachikasu kumiyendo, zina wofiira. Anadziwa kusiyanitsa kulira kwa mng'oma wokhuta ndi kwa mng'oma umene wakwiya, kumene kumakwera n'kuonda ngati waya wokokedwa. Anadziwa kuti uchi wa maluwa a bulugamu umanunkhira mosiyana ndi wa m'nkhalango. Tsiku lina akutsika phiri, dzuwa litakwera, anaima mwadzidzidzi atagwira pachifuwa, ngati mayi amene wakumbukira kuti wasiya mwana pachitsime.

"Amayi, chiyambire m'mawa sindinamuganize."

"Ndiye wafa?"

"Ayi."

"Nyamula ndowa."

Sindikunamizani kuti anachira. Pobwerera ankazulabe chikwanje chake pachitsa, kutchalitchi ankakhalabe kumbuyo, ndipo Juni atalowa anayambanso kuonda. Ankawerenga masabata otsala kuti Julaye afike.

Koma chakudza sichiimba ng'oma. Mateyo sanadikire Julaye, sanabwerenso pachitseko. Anamutulutsa Lolemba lina pakati pa Juni, mudzi osadziwa. Anagona ku Naisi, m'mawa mwake anayamba ndi kachasu, kenako anafunsa anthu a m'njira kumene mkazi wake amapita masiku ano.

Linali Lachiwiri, chiperoni chitangoyamba kuyera, nthawi yofula uchi. A Jacinta anali atatsika ndi ndowa yoyamba. Iness anatsala yekha pamng'oma waukulu kuposa yonse, wa njuchi zaukali, umene a Jacinta ankautcha Apongozi. Anali atatukula chisa chodzaza, atachigwira ndi manja onse awiri.

"Wanenepa, Iness."

Mateyo anali ataima mapazi atatu kuchokera pamene iye anali. M'dzanja lamanja anali ndi chikwanje, ndipo Iness anachizindikira ndi mphira wa kuchigwiriro.

"Ndachipeza pachitsa. Chakuthwa bwino. Wandisungira, eti?"

Iness anachoka pomwepo osasuntha phazi. Anadziona atagona pansi khosi lili pululu. Anaona a Jacinta akumupeza, anaona bokosi, amayi a Mvano atavala zoyera akuimba, Spencer akulephera kugwira fosholo kumanda. Miyendo inkati thawa, manja ankati ponya chisacho.

Njuchi ina inatera pachitsa cha chala chake chodukacho n'kuyamba kuyenda. Milomo inayamba yokha, mwachizolowezi.

"Ndagwira chisa. Chikulemera. Njuchi ili padzanja. Ndikupuma."

"Ukuti chiyani? Ukupemphera? Pemphera, ndikudikira."

Apo m'pamene anamuyang'ana. Zaka zonsezi ankayang'ana Mateyo wa m'mutu mwake, chimunthu chodzaza khomo lonse. Amene anaima apayu anali wowonda, imvi zili mbuu, jekete lakuda likumukhwepa m'mapewa. Ankatsokomola. Fungo la kachasu linkafika mpaka m'kati mwa neti. Kuphazi anavala mapatapata, pamalo otsetsereka, ponyowa ndi mame. Ndipo anaima pakhomo penipeni pa Apongozi. Njuchi zobwera kuthengo zinkamugunda pachifuwa, ndipo kulira kwa mng'oma kunali kutayamba kukwera.

"A Mateyo," anatero Iness, mawu akutuluka bwinobwino mpaka iye mwini anadabwa, "mwaima pakhomo pa njuchi. Sunthirani kumbali, pang'onopang'ono."

"Ukundilamula? Pamudzi pa amako unkandilamula, alongo ako ankandilamula, kundende andilamula mpaka ndatopa. Lero ndiye ayi."

Njuchi inamutera pakhosi. Anaimenya ndi chikhatho, anayang'ana chimene waphwanya, n'kupukutira pajekete.

Iness anaona phewa la Mateyo likukwera. Anaponda phazi limodzi kumbali. Chikwanje chinaphonya khosi, chinang'amba thumba la ufa lija n'kutsegula mnofu wa pamkono, pamwamba. Kunatentha ngati moto. Chisa chinagwa. Iness anagwada ndi bondo limodzi, anaona phewa likukweranso, n'kulowa pansi pa mng'oma kutulukira mbali inayo. Kutema kwachiwiri kunadula waya.

Apongozi anapendama, anagwa pamwala n'kusweka pakati.

Chimene chinatuluka m'menemo chinali ngati utsi wakuda wokhala ndi mawu. Chinapita molunjika kumene kunali fungo la mnzawo wophedwa uja. Kamphindi kochepa nkhope ya Mateyo inasowa. Anakuwa, ndipo zinalowa m'kamwa. Zinalowa m'makutu, m'mphuno, m'manja mwa jekete. Anayamba kutema m'malere uku ndi uku, akuzungulira ngati nkhuku yodulidwa mutu, mpaka chikwanje chinamutera yekha pantchafu n'kugwa m'manja. Anathamanga osaona, anagunda mtengo wa msuku ndi chipumi, anadzuka, patapata linaduka, anatsetsereka, n'kugwera m'khwawa la miyala limene linali kumunsi. Mtambo wa njuchi uja unamutsatira momwemo.

Iness anadzipinda pansi, manja m'khwapa, nkhope m'neti. Zina zinapeza pong'ambika paja.

"Zikundiluma pamkono. Zitatu. Zinayi. Magazi akutuluka. Ndikupuma. Sindikuthawa."

Kulira kutachepa pamene anali, anadzuka pang'onopang'ono. Anatola chofukizira, chinali chikufukabe. Anatolanso chikwanje, n'kutsika kukhwawa.

Anamupeza chagada pakati pa miyala, mwendo uli magazi okhaokha. Nkhope sinalinso ya Mateyo. Maso anali atakwiririka, milomo ili ngati masoseji, lilime likutuluka, mpweya ukuchita kuimba mluzu pakhosi. Njuchi zinali zikumuyendabe m'tsitsi. Kumtunda kunalibe munthu, kumunsi kunalibe munthu.

Mantha aja anabweranso, koma tsopano anabwera ndi nzeru. Akachira ameneyu adzabweranso. Adzamumanga, adzatulukanso, ndipo tsiku limenelo sipadzakhala njuchi. Tema kamodzi pakhosipo, ugone tulo moyo wako wonse. Kapena ungokwera phiri ukakhale pansi. Njuchi zimaliza zokha, ndani adzakufunse?

Anakweza chikwanje. Dzanja linkadziwa njira yake, linali litayeserera zaka zinayi.

"Ndakweza chikwanje," inatero milomo. "Pansi pali munthu. Sakundiona. Alibe kanthu m'manja. Akulephera kupuma."

Anaima choncho. Linali dzanja lomwelo limene linatema Spencer chifukwa cha chinthu chimene chinali chisanachitike. Anamva mtsinje ukulira kumunsi, anamva magazi ake akudontha kuchokera pachigongono kugwera pamwala, dontho limodzi limodzi.

Anatsitsa mkono. Anapopa utsi pankhope yotupayo mpaka njuchi zinabalalika. Anamugwira kolala ya jekete n'kumukoka, dzanja limodzi, miyala ikumukhula msana, mpaka pansi pa tchire lowirira. Anadula nthambi zamasamba n'kumufunditsa. Anamanga ntchafu ija ndi lamba wa mwiniwake. Kenako anagwada, anatembenuza chikwanje, n'kuyamba kupala mbola pakhosi pa Mateyo ndi msana wake, imodzi imodzi, akukuwa dzina la a Jacinta kumunsi.

A Jacinta anafika ali wefuwefu. Anayang'ana kaye kumtunda kumene kunali matabwa osweka.

"Apongozi anga." Kenako anasuzumira pansi pa masamba. "Ndi ameneyu? Zaka zonsezi ukuonda chifukwa cha kameneka?"

"Ndi yemweyo, amayi."

"Tandionetsa mkonowo." Anang'amba chitenje ndi mano. "Banja lanu landithera zitenje."

Amuna a kuminda anamunyamula Mateyo pamachila a thumba mpaka kumsewu. Anakhala moyo, ngakhale madokotala anati kukanachedwa pang'ono akanatsamwa ndi lilime lake lomwe. Anachoka m'chipatala ndi unyolo. Iness anakaima m'khoti mkono uli ndi ulusi, anafotokoza zonse mwadongosolo osanjenjemera, ndipo Mateyo anabwerera kumene anachokera. Akumukweza m'galimoto ananena kanthu. Iness anaona milomo ikuyenda, koma pamsewu pankadutsa lole ya mchenga, ndipo sanafunse aliyense kuti wati chiyani.

Ambiri anamunena kuti ndi chitsiru. Irene anabwera yekha kudzamuuza zimenezo, atamupeza pakhonde akusefa uchi.

"Mukanamusiya, alamu. Mulungu anachita kukupatsani m'manja."

"Mwina."

"Nanga akadzatulukanso?"

"Akadzatuluka ndidzamuona ndi maso tsiku lomwelo. Lero ndikusefa uchi. Tagwirani nsaluyi mbali iyo, ikugwera m'ndowa."

Irene anatsonya, koma anagwira. Atanyambita chala anafunsa ngati pali botolo lina lopanda kanthu.

Musati Iness anangokhala manja lende kudikira chisomo. Anakauza apolisi kuti adzamudziwitse tsiku lotuluka munthuyo, ndipo Spencer anamukhomera chitseko cha mlombwa chokhala ndi mpiringidzo. Anakhoma ndi dzanja lamanzere, n'chifukwa chake n'chopendama pang'ono mpaka lero. Zimenezo zitatha, zinatha. Anadzala nthochi kuseri kwa nyumba, ndipo mkoko woyamba anaugawa pakati, theka n'kutumiza kwa Irene. Chikwanje chimakhala m'khitchini pamodzi ndi khasu, chimatuluka pakakhala chodula. Bango likathyoka kumbuyo kwake amadzidzimukabe, thupi silichedwa kuiwala ngati pakamwa. Koma amayamba watembenuka, n'kuona.

Zala za Spencer zokha ndizo sizinabwerere. Amapanga timipando ndi mafelemu a mawindo pang'onopang'ono, ntchito ya tsiku limodzi masiku atatu, ndipo nyengo yozizira mkonowo umamuwawa mpaka kusiya sowo. Sanamudandaulirepo mlongo wake. Iness akamuona akulimbana ndi batani la malaya, amayang'ana kumbali.

Ndiye inu mwamva nkhaniyi, chitani bwino kuposa Iness. Iye anachita kutema mchimwene wake, kumenyedwa pabwalo la eni ndi kutupa nkhope masiku awiri kuti aphunzire kuyang'ana chimene chili patsogolo pake. Inu musadikire zonsezo. Chimene mukuchiopacho, ngati chili ndi chitseko chofunika kukhoma, khomani lero lomwe. Mukatero bwererani pamene mapazi anu aponda, ndipo kukathyoka kanthu kumbuyo kwanu, yambani mwaona kuti ndi ndani.